Nyimbo ikulira pa foni, koma pulogalamu yokonzera mawu ikuikana: vuto limakhala pati?

Vutoli limabwera m'maonekedwe angapo. Fayilo ya nyimbo yomwe ikulira bwinobwino pa foni, mukaikokera mu Audacity, Reaper, Pro Tools kapena pulogalamu ina yokonzera mawu, pamangotuluka kauthenga koti fayiloyo siyikudziwika. Tsiku lina imalowa, koma woyimba akumveka wothamanga ndi mawu opyapyala. Tsiku linanso chimene mukumva ndi chiphokoso chokhachokha, shiii, kuchokera poyambira mpaka pothera.

Ambiri akaona zimenezi amathamangira kuchotsa pulogalamu n'kuikanso, kapena kusintha zilembo zakumapeto kwa dzina la fayilo. Kawirikawiri sizithandiza, chifukwa kauthenga kamodzi komweko kamabisa mavuto osiyana kotheratu. Gwero la chisokonezo n'lakuti dzina la fayilo silinena zoona zonse za chimene chili mkatimo.

Chotengera ndi katundu wake: container ndi codec

Fayilo ya mawu ili ndi mbali ziwiri zimene anthu timaziphatikiza. Yoyamba ndi container, imene ndi kasanjidwe ka fayiloyo: pomwe pali mutu wake, pomwe pali dzina la woyimba, pomwe payambira mawu enieniwo. Yachiwiri ndi codec, njira imene mawuwo analembedwera ngati manambala. Ganizirani envulopu ndi kalata. Container ndi envulopu, codec ndi chilankhulo chimene kalatayo yalembedwera. Munthu akhoza kutsegula envulopu mosavuta, koma akapeza kalata ya m'chilankhulo chomwe sachidziwa, palibe chimene angawerenge.

Zilembo zakumapeto monga .wav, .m4a ndi .ogg nthawi zambiri zimangotchula envulopu. Fayilo ya .m4a ikhoza kukhala ndi mawu a AAC, omwe anakhazikitsidwa mu 1997 kuti apose MP3, kapena a ALAC, omwe Apple inatulutsa mu 2004 ndipo sataya kanthu. Fayilo ya .ogg ikhoza kunyamula Vorbis kapena Opus. Opus inavomerezedwa mu 2012, ndipo mauthenga a mawu a pa WhatsApp amagwiritsa ntchito imeneyo, n'chifukwa chake mapulogalamu akale amene amatsegula .ogg amakanika ndi mauthenga oterewa.

Ngakhale WAV, imene anthu amaitenga ngati yosavuta kuposa zonse, ili ndi msampha womwewu. Microsoft ndi IBM anaitulutsa mu 1991, patadutsa zaka zitatu Apple itatulutsa mtundu wake wofanana nawo, AIFF. Mu WAV yambiri mumakhala PCM, kutanthauza manambala osapanikizidwa, ndipo pulogalamu iliyonse yokonzera mawu imawawerenga. Koma malamulo a WAV amalolanso ADPCM, GSM, ngakhale MP3 mkati mwake. Timakina tina tojambulira mawu ndi makina ena osungira mauthenga a pa telefoni timatulutsa WAV zotere. Dzina likuti WAV, pulogalamu yatsegula, koma yapezamo chilankhulo china.

Apa mpomwe zikuoneka chifukwa chake kusintha dzina n'kutaya nthawi. Kufufuta .m4a n'kulembapo .mp3 kuli ngati kulemba zina pa envulopu, kalata ya mkati osaikhudza. Mwina mwaonjezera vuto, chifukwa pulogalamu ina imakhulupirira dzinalo n'kuitana chowerengera cholakwika. Mafayilo ambiri otengedwa pa intaneti amafika atanamizidwa kale chonchi. Windows nayo, pokhapokha mutaiuza, imabisa zilembo zakumapetozi, moti fayilo yooneka ngati nyimbo.wav ikhoza kukhala nyimbo.wav.mp3.

Kudziwa zoona sikovuta. Pulogalamu yaulere ya MediaInfo imaonetsa container, codec, sample rate ndi bit depth (ziwirizi tizifotokoza kutsogoloku) pa tsamba limodzi, ndipo ffprobe imachita chimodzimodzi kwa ozolowera kulemba malamulo pa kompyuta. Ngakhale pulogalamu wamba yolembera monga Notepad imathandiza pa fayilo yaing'ono. Muona zilembo zosamveka zodzaza tsamba, koma yang'anani koyambirira kwenikweni kwa mzere woyamba. Pakalembedwa RIFF, kenako WAVE patsogolo pang'ono, ndi WAV. Pakalembedwa fLaC ndi FLAC, OggS ndi Ogg, ID3 kawirikawiri ndi MP3, ndipo mukaona ftyp pambuyo pa timalo tinayi toyamba, ndi ya banja la MP4, komwe .m4a imachokera. Mukangoona, tsekani osasunga.

Mafayilo omwe mulibe mawu n'komwe

Pali gulu lina lomwe pulogalamu siyikulakwitsa polikana. Mukaika chimbale cha CD mu kompyuta ya Windows, mumaona Track01.cda, Track02.cda ndi anzake. Aliyense ndi wa mabayiti 44 okha, ndipo ntchito yake n'kuloza pomwe nyimbo yayambira pa chimbalepo. Kuwakopera pa kompyuta n'kukopera zikwangwani, nyimbo zatsala pa chimbale. Pamafunika pulogalamu yokoka nyimbo pa CD n'kuzisunga ngati WAV kapena FLAC.

MIDI, imene inayamba mu 1983, ilibenso mawu. Imasunga malangizo: noti iti, nthawi yanji, mwamphamvu bwanji. Fayilo ya .m3u ndi mndandanda chabe wa mayina a nyimbo. Nthawi zina kudawuniloda kukalephereka, chimene chasungidwa ndi dzina la .mp3 chimakhala tsamba la intaneti lonena kuti fayilo sinapezeke. Ndipo ngati mafayilo anu amakhala pa OneDrive kapena iCloud, dzina likhoza kuoneka mu foda pomwe nyimbo yeniyeniyo sinatsikebe pa kompyuta. Pa zonsezi, kukula kwa fayilo kumaulula msanga. Nyimbo ya mphindi zinayi singakhale ya makilobayiti awiri.

Chifukwa chake pulogalamu imodzi imawerenga, ina ayi

Funso limene limakwiyitsa anthu ndi ili: VLC, pulogalamu yaulere yolizira nyimbo ndi mavidiyo, ikuiliza, bwanji pulogalamu yokonzera mawu, mwinanso yogula ndi ndalama zambiri, ikukanika? Yankho lili m'malamulo a umwini wa luso kuposa mu luso lenilenilo.

Codec iliyonse imafuna chowerengera chake, decoder. MP3 inapangidwa makamaka ndi akatswiri a bungwe la Fraunhofer ku Erlangen m'dziko la Germany, mmodzi mwa iwo Karlheinz Brandenburg. Inakhazikitsidwa mu 1993, ndipo dzina la .mp3 linasankhidwa mu 1995. Kwa zaka zoposa makumi awiri inali yotetezedwa ndi ma patent, ziphaso za umwini wa luso, moti kampani yofuna kuiika mu pulogalamu yake inkayenera kulipira layisensi. Mapulogalamu aulere anapeza njira yozembera: chida chovutacho osachiphatikiza, wogwiritsa ntchito akachitenge yekha. Amene anagwiritsa ntchito Audacity kalekale akukumbukira kusakasaka kafayilo ka LAME kuti athe kusunga nyimbo ngati MP3. Ma patent a MP3 atatha mu 2017, vutolo linachoka, ndipo kuyambira mu 2019 Audacity imabwera ndi LAME mkati.

Kwa AAC, WMA ndi AC3 njira yakale ija ikadalipo. Audacity imawerenga yokha WAV, AIFF, MP3, FLAC ndi Ogg Vorbis, koma pa .m4a kapena .wma imafuna kuti muikemo FFmpeg. FFmpeg ndi nkhokwe ya zowerengera yomwe Fabrice Bellard anaiyambitsa mu 2000, ndipo VLC nayo imadalira zowerengera zambiri zochokera momwemo, kungoti imayenda nazo mkati. Anthu ambiri amapunthwa atayika kale FFmpeg: pulogalamu ya 64-bit singagwire ntchito ndi FFmpeg ya 32-bit, ndiponso mtundu wa FFmpeg uyenera kukhala umene pulogalamuyo ikuuyembekezera. Zikasemphana, kauthenga kamakhala komwe kaja, ngati kuti simunachite kanthu.

Palinso kusiyana kwa ntchito. Yolizira nyimbo imangowerenga kuchokera poyamba kupita patsogolo, ndipo ikapeza kachigawo kowonongeka imadumpha inu osazindikira. Yokonzera imayenera kudziwa kutalika kwenikweni kwa fayilo ndi malo a nambala iliyonse, kuti mukadula pa sekondi ya 47 idule pomwepo. Cholakwika chimene VLC imangochinyalanyaza chikhoza kuimitsa ntchito yonse kunoku.

Nyimbo zokhomedwa

DRM ndi loko amene wogulitsa amaika pa fayilo kuti ilire pa zipangizo zololedwa zokha. Apple itatsegula iTunes Store mu 2003, nyimbo zake zinkabwera ndi loko wotchedwa FairPlay, m'mafayilo a .m4p. Mu 2009 inasiya kukhoma nyimbo zogulitsa, koma amene anagula kale akadali ndi mafayilo okhomedwa m'makompyuta awo. Mafayilo ena akale a WMA ali ndi loko wa mtundu wawo. Nyimbo zimene mumasunga mu Spotify kapena Apple Music kuti muzimvera popanda intaneti nazo n'zokhomedwa, ndipo zimatseguka mu pulogalamu ya eni ake yokha.

Apa palibe chowerengera chimene chikusowa. Envulopu yamatidwa dala, ndipo FFmpeg siyingathandize. M'mayiko ambiri kuthyola loko wotere n'kuphwanya lamulo, choncho njira yoongoka ndi kupeza nyimboyo m'mtundu wosakhomedwa, kwa wogulitsa kapena kwa mwini nyimbo.

Sample rate: pamene nyimbo yathamanga kapena yazilala

Kompyuta siyisunga mawu ngati mzere wosaduka. Imayeza mafunde a mawu kambirimbiri pa sekondi iliyonse n'kulemba nambala pa muyeso uliwonse. Kuchuluka kwa miyeso pa sekondi ndiye sample rate. Lamulo lake, lodziwika ndi mayina a Nyquist ndi Shannon, limati kuti musunge mawu okwera kufika penapake, muyenera kuyeza kuposa kawiri pamenepo. Khutu la munthu wachinyamata limamva mpaka cha m'ma 20,000 Hz, kutanthauza mafunde 20,000 pa sekondi, ndiye pafunika miyeso yoposa 40,000 pa sekondi.

CD imene Sony ndi Philips anatulutsa mu 1982 imagwiritsa ntchito 44,100. Nambala yachilendoyi ili ndi mbiri yake. Kalelo mawu a digito ankasungidwa pa matepi a vidiyo, miyeso itatu pa mzere uliwonse wa chithunzi, ndipo 44,100 inkakwana bwino pa njira zonse ziwiri za TV za nthawiyo: 3 x 245 x 60 ndi 3 x 294 x 50 (miyeso, mizere, ndi kangati pa sekondi) zonse zimapereka 44,100. Makampani a kanema ndi TV anasankha 48,000. Mpaka lero nyimbo zambiri zili pa 44.1 kHz (44,100), mawu a m'mavidiyo ali pa 48 kHz (48,000), ndipo aliyense wosakaniza ziwirizi amakumana ndi malirewo.

Taonani chimene chimachitika fayilo ya 44.1 kHz ikalizidwa ngati ya 48 kHz popanda kuisintha. Manambala amene anayenera kutenga sekondi yathunthu akutha msanga. Nyimbo imathamanga ndi pafupifupi 9 peresenti, ya mphindi zitatu imatha pa mphindi ziwiri ndi masekondi 45, ndipo mawu amakwera ndi pafupifupi semitone imodzi ndi theka (semitone ndi mtunda wa pakati pa makiyi awiri oyandikana pa kiyibodi). Gitala amene munamutchuna bwino sakugwirizananso ndi nyimboyo, ndipo palibe kiyi ya pa kiyibodi imene ikufanana nayo, chifukwa yagwera pakati. Zikachitika mosemphana, ya 48 kulizidwa ngati 44.1, mawu amatsika n'kuzilala.

Mapulogalamu ambiri a masiku ano amasintha okha fayilo ikamalowa, kapena amafunsa. Vuto limadza wina akayankha kuti ayi pa funso limene sanalimvetse, kapena mutu wa fayilo ukanena nambala yolakwika, kapenanso chipangizo cholumikizira maikolofoni ndi masipika chikakhala pa liwiro losiyana ndi la pulojekiti. Musanaimbe mlandu fayilo, yang'anani malo atatu: fayilo, pulojekiti ndi chipangizo. Ndipo mu pulogalamu muli zinthu ziwiri zofanana maonekedwe zomwe zimachita zosiyana. China chimawerengeranso manambala onse kuti nyimbo ikhale pa liwiro latsopano osasintha kamvekedwe, ndicho resample. China chimangosintha nambala yolembedwa pamutu. Choyamba ndi cha fayilo yabwino yomwe yasiyana ndi pulojekiti, chachiwiri ndi cha fayilo yomwe mutu wake ukunama.

Bit depth, mutu wowonongeka ndi malire a 4 GB

Bit depth imanena kuti muyeso uliwonse ungakhale ndi masitepe angati. Pa 16-bit, ya CD, alipo 65,536. Pa 24-bit, imene ma situdiyo amajambulira, amaposa 16 miliyoni. Palinso 32-bit float, imene makina ojambulira atsopano akuikonda chifukwa imapereka mpata waukulu mawu asanaphulike. Pulogalamu yakale kapena chipangizo chakale chikaiwerenga ngati manambala wamba, chotuluka ndi chiphokoso chija. Tsitsani voliyumu musanalize fayilo yokayikitsa, makamaka ngati mwavala mahedifoni.

Zonsezi pulogalamu imazidziwa kuchokera pa mutu wa fayilo, umene pa WAV wamba ndi mabayiti 44 oyambirira. Makina ojambulira amamaliza kulemba kutalika kwa fayilo pamutupo mukadina batani loimitsa. Batire ikatha kujambula kuli mkati, mutuwo umatsala ukunena kuti mulibe kanthu, chonsecho fayilo ndi ya mamegabayiti mazana angapo. Mawu alimo ndithu. Mu Audacity, njira ya Import Raw Data imalola kuti mutuwo muulambalale, inuyo munene nokha sample rate, bit depth, kuti ndi mono kapena stereo, ndi dongosolo la mabayiti, lomwe pa WAV ndi little-endian, pa AIFF big-endian. Mukalakwitsa chimodzi mumva phokoso kapena liwiro lolakwika, ndiye mumangoyesa china. Pa 24-bit nthawi zina pamafunikanso kusuntha poyambira ndi bayiti imodzi kapena ziwiri. Chitani zonsezi pa kope, fayilo yoyambayo isakhudzidwe.

Fayilo ya .m4a ikaduka chonchi nkhani imakula. Kalozera wake, wotchedwa moov, nthawi zambiri amalembedwa kumapeto kwa kujambula, ndipo akasowa, mawu opanikizidwawo ndi ovuta kuwapezanso. Kwa amene amajambula zinthu zosabwerezeka, chimenechi chokha n'chifukwa chokwanira chojambulira mu WAV.

WAV nayo ili ndi polekezera. Malo olembapo kukula kwa fayilo ndi a 32-bit, ndiye singapitirire 4 GB, ndipo mapulogalamu ena amalekera pa 2 GB. Pa muyeso wa CD, 4 GB imakwana maola oposa sikisi ndi theka, koma pa stereo ya 24-bit ndi 96 kHz imadzaza pakangodutsa maola awiri. Bungwe la European Broadcasting Union linapanga RF64 kuti lichotse malirewa, koma si pulogalamu iliyonse imaiwerenga, ngakhale dzina lake limatheranso ndi .wav.

Kusandutsa kukhala WAV: chimene kumakonza ndi chimene sikukonza

Fayilo ikakhala yabwino koma pulogalamu ikulephera kuiwerenga, njira yachidule ndi kuisandutsa WAV ya PCM kunja kwa pulogalamuyo. Ndi FFmpeg ndi mzere umodzi: ffmpeg -i nyimbo.m4a nyimbo.wav. VLC nayonso imatha kusandutsa.

Kungoti anthu amayembekezera zochuluka pa kusandutsaku. Mawu a CD amayenda pa 1,411 kbps (makilobiti pa sekondi), pafupifupi 10 MB pa mphindi. MP3 ya 128 kbps imatenga pafupifupi 1 MB pa mphindi, ndipo imafika pamenepo potaya mbali za mawu zimene khutu silizindikira msanga. Zotayikazo sizibwerera. WAV yochokera ku MP3 ndi yaikulu kakhumi, koma kamvekedwe n'komweko. Phindu lake n'lakuti mukamakonza simukutayanso china. Choipa kwambiri ndi kusandutsa MP3 kukhala MP3 ina, kapena AAC kukhala MP3, chifukwa ulendo uliwonse mumataya zina pamwamba pa zotayika kale. FLAC, imene Josh Coalson anaitulutsa mu 2001, imachepetsa fayilo ndi pafupifupi theka osataya kanthu, ndiye kuchoka ku FLAC kupita ku WAV kulibe choopsa.

MP3 ili ndi kakhalidwe kena kamene kamazunza opanga ma beat. Imasunga mawu m'zigawo za miyeso 1,152, ndipo pa kulemba ndi kuwerenga pamalowa kachete ka miyeso pafupifupi 1,100 koyambirira, komwe ndi cha m'ma 25 milliseconds. Pomvera nyimbo simungakazindikire. Koma ikani loop ya ng'oma ya MP3 kuti izibwerezabwereza, mumva kakudumpha pa mfundo iliyonse, ndipo mukaiika pansi pa WAV ya nyimbo yomweyo muona kuti yachedwa pang'ono. Mapulogalamu ena amawerenga kachidziwitso kamene LAME imalemba n'kuchotsa kachetekako, ena ayi. MP3 ya VBR, imene mlingo wake umasinthasintha, ikasowa kachidziwitso kake koyambirira imaonetsanso kutalika kolakwika. Munthu amene mukugwira naye ntchito akakutumizirani ma track, pemphani WAV kapena FLAC, ndipo mugwirizane sample rate musanayambe.

Zomwe anthu sanagwirizanebe

Funso loyamba ndi lakuti pulogalamu izisintha yokha mafayilo mwakachetechete, kapena izifunsa. Kusintha mwakachetechete kumapulumutsa wongoyamba kumene, koma katswiri amafuna kudziwa chilichonse chimene chachitika pa mawu ake, ndipo njira zochitira resample sizifanana ubwino. Mapulogalamu asankha mosiyanasiyana, n'chifukwa chake fayilo imodzi imachita zosiyana m'malo awiri.

Lachiwiri ndi la DRM. Eni nyimbo ndi makampani amati popanda loko malonda a kumvera nyimbo pa intaneti sangaime. Otsutsa amati lokoyo amatsekereza ngakhale zinthu zimene malamulo a mayiko ena amalola, monga kusunga zakale m'nkhokwe kapena kuphunzitsira, ndipo amafunsa chimene chidzachitikire mafayilo ogulidwa kampani ikadzatseka makina otsimikizira umwini.

Mkangano wa 96 kHz ndi 192 kHz nawo sunathe. Pa kujambula ndi 24-bit ambiri amagwirizana kuti kumathandiza, chifukwa kumasiya mpata wokonzera. Pa sample rate yokwera kwambiri, ena amati imathandiza pochedwetsa mawu kapena powasintha kwambiri, ena amati kwa womvera ndi kudzaza disiki chabe.

Ndipo mitundu yatsopano ikubwerabe. Opus ndi yaulere ndipo yafala m'mafoni ndi pa intaneti, komabe mapulogalamu ena akuluakulu okonzera mawu saitsegula okha. Dolby Atmos imabweretsa mafayilo omwe kuwonjezera pa mawu amanyamula malangizo a komwe liwu lililonse liyenera kumvekera m'chipinda, ndipo mafayilo ake ogwirira ntchito amatheranso ndi .wav. Pulogalamu wamba ikawatsegula imangoona matchanelo ambirimbiri opanda dongosolo. Ngati makampani adzagwirizane pa njira imodzi yosinthanirana mafayilo oterewa, kapena aliyense adzapitiriza ndi yake, ndi nkhani imene ikadali pabwalo.